NGONGOLE YA GALIMOTO KWA MUNTHU WOSADZIWIKA KU BANKI

Kwathu kuno munthu amene sadakongolepo kanthu kwa mnzake timamchitira ulemu. Wotere akamwalira, pa maliro pake akuluakulu amaimirira nafunsa ngati alipo wina amene malemuwo adali naye ngongole, ndipo pakakhala chete mitima ya abale imakhala pansi. Koma munthu yemweyo, akadali ndi moyo, atati alowe m'banki kukapempha ndalama zogulira galimoto, angadabwe kuona kuti chimene chimampatsa ulemu kumudzi ndicho chikumtsekera khomo. Kalaliki wa ngongole adzayang'ana m'makina ake, ndipo posapeza dzina lake pakati pa anthu amene adakongolapo nabweza, adzamfunsa kuti, "Nanga bambo, alipo amene angakuimirireni?" Kwa ambiri ulendo umathera pomwepo.

Nkhaniyi ikukhudza mabanja ochuluka. Ikukhudza mphunzitsi amene wangoyamba kumene ntchito pa sukulu ya kutali ndi msewu wa tala, namwino amene amaweruka usiku minibasi zitaleka kuyenda, mayi wamasiye amene amapikula mbatata ya kachewere ku Tsangano kapena tomato pa Lizulu nalipira matola okwera mtengo sabata ndi sabata, ngakhalenso mwana wathu amene adapita ku Mangalande kukagwira ntchito yosamala okalamba. Onsewa ndi anthu okhulupirika, ndipo galimoto sakuifunira matama. Vuto lawo n'lakuti eni ndalama sawadziwa. Tsono tifuna tione pamodzi ngati njira ilipo kwa anthu otere, ndiponso pamene njirayo ili ndi maenje.

Banki siyang'ana nkhope

Tiyambe ndi kumvetsa maganizo a wokongoza. Ndalama zimene banki imakongoza ndi za anthu ena amene adasungitsa kumeneko, ndipo tsiku lililonse eniakewo angathe kudzazifuna. Motero funso la banki ndi limodzi lokha: kodi munthu uyu adzabweza? Kale, pamene mabanki adali owerengeka, monga National Bank of Malawi imene idakhazikitsidwa mu 1971, ndi Commercial Bank of Malawi imene lero ndi Standard Bank, yankho linkachokera m'kudziwana. Manijala ankadziwa abwana anu a ku ntchito, ndipo kalata yochokera kwa iwo inkakwanira. Anthu wamba ambiri sankafika n'komwe kumeneko. Tindalama tawo tinkasungidwa m'kabuku ka ku positi ofesi, ndipo galimoto idali ya eni masitolo ndi akuluakulu a m'boma.

Mabanki atachuluka, kudziwana kudatha mphamvu. Munthu ankatha kukongola ku banki iyi, nalephera kubweza, n'kukatsekula buku ku banki ina ngati kuti palibe chachitika. Pofuna kutseka mpata umenewu, mu 2010 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lotchedwa Credit Reference Bureau Act, lolola kuti pakhale makampani osunga mbiri ya ngongole za anthu, moyang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Imodzi mwa makampani otere ndi Credit Data CRB. Poyamba ntchitoyi idayenda mwaulesi, chifukwa mabanki ankakayika kuulula za anthu awo, komanso kudali kovuta kusiyanitsa anthu a maina ofanana. A Banda ndi a Phiri m'dziko muno ndani angawawerenge? Koma mu 2017 bungwe la National Registration Bureau lidalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire chiphaso cha unzika, ndipo kuyambira pamenepo munthu ali ndi nambala yakeyake imene ngongole yake imaitsata kulikonse kumene apita.

M'mbiri imeneyi mumalembedwa kumene munthu adakongola, kuchuluka kwa ndalamazo, ndi m'mene adabwezera, kaya pa nthawi yake kaya mochedwa. Simulembedwamo kuti mudabweza matumba awiri a chimanga amene mudabwereka kwa alamu anu chaka cha njala, kapena kuti kwa zaka khumi mwakhala msungichuma wa gulu la amayi osasowetsa ngakhale tambala imodzi. Kukhulupirika konse kotere makina sakudziwa. Komabe tisasokoneze zinthu ziwiri. Wopanda mbiri ali ngati tsamba losalembedwa, pamene wa mbiri yoipa ali ngati tsamba lothimbirira, ndipo woyambayo ali pabwino kwambiri kuposa wachiwiriyo. Tikulangiza kuti musanapemphe ngongole yaikulu muyambe mwaitanitsa kalata ya mbiri yanu ku kampani yosunga mbiriyo. Ena amadziyesa opanda mbiri, chonsecho kangongole kena kamene adatenga ku bungwe lokongoza ndalama zaka zapitazo, nakaiwala, kadakalembedwabe pa dzina lawo. Paja akulu adati mlandu suwola. Ndipo ngati mwapezamo zolakwika, monga ngongole ya munthu wina wa dzina longa lanu, muli ndi ufulu wodandaula kuti zikonzedwe.

Woimirira ngongole si mboni wamba

Banki ikapanda kukudziwani, imafuna munthu amene ikumdziwa kuti aime kumbuyo kwanu. Pamenepa pali chisokonezo chimene chadanitsa abale ambiri. M'kulankhula kwathu timangoti, "Atsibweni, ndikufuna mboni ku banki," ndipo atsibweniwo amasaina poganiza kuti akungochitira umboni kuti amatidziwa, monga tichitira pogulitsana njinga kapena ng'ombe. Si choncho ayi. Wosaina ngati woimirira ngongole walonjeza kuti mwini ngongole akalephera, iyeyo adzabweza zotsala zonse, pamodzi ndi chiwongoladzanja ndi zolipira maloya. Mwini ngongole akachotsedwa ntchito, akadwala nthawi yaitali, kapena akangoti zii kulowera ku Joni, banki imatembenukira kwa wosainayo, ndipo malipiro ake, ngakhale katundu wa m'nyumba mwake, zingathe kugwidwa chifukwa cha galimoto imene mwina sadaikwerepo n'kamodzi komwe.

Vuto limeneli ndi lakale. Buku la Miyambo limachenjeza kangapo konse za kuperekera munthu wina chikole, monga pa mutu 6, 11, 17 ndi 22. Chifukwa chake mbale wanu akakana kukusainirani, musamuyese wouma mtima kapena wanjiru. Nayenso ali ndi ana a sukulu, ndipo ngongole yanuyo ingamlepheretse kukongola pa tsiku limene iye mwini adzafune malata kapena feteleza. Ife tiona kuti n'kwabwino kufunafuna njira imene tsoka lake, likadza, ligwere mwini galimoto yekha, losafalikira ku nyumba za abale. Ndipo njira zotere zilipo.

Zimene zingaime m'malo mwa munthu

Kwa wogwira ntchito yolembedwa, mboni yamphamvu koposa ndi malipiro ake. Mabanki ambiri amafuna kuti malipirowo azidzera ku banki yawoyo, kuti aone ndi maso awo ndalama zikulowa mwezi ndi mwezi, ndiponso kuti azidula gawo lawo inu musanazikhudze. Adzafuna masitetimenti a miyezi ingapo yapitayi, timapepala ta malipiro, ndi kalata ya olemba ntchito yotsimikiza kuti ntchito yanu ndi yokhazikika, simuli pa miyezi yoyesedwa. Ogwira ntchito m'boma zimawapepukira chifukwa boma silitseka monga ichitira kampani. Tsono amene akulingalira za galimoto chaka chamawa ayambe lero kusamala buku lake la ku banki. Chizolowezi chokatapa ndalama zonse pa tsiku la malipiro, n'kusiya buku lili mbee kufikira mwezi wina, chimauza banki kuti munthuyu alibe potsala poti n'kubwezera ngongole.

Wa geni ali ndi ntchito yokulirapo, popeza alibe abwana omulembera kalata. Amayi ambiri a pa msika amagwira ndalama zoposa za mphunzitsi, koma ndalamazo zimachoka m'manja kulowa pa mfundo ya chitenje, ndipo palibe pamene zidalembedwa. Wotere ayenera kudzipangira yekha umboni: kulembetsa bizinesi yake ku boma, kutenga nambala ya msonkho ku Malawi Revenue Authority, kulemba zogula ndi zogulitsa m'kope tsiku ndi tsiku, ndi kumadzeretsa ndalama za malonda ku banki, kapena pa Airtel Money ndi Mpamba kumene zimasiya mapazi. Pakutha pa chaka chimodzi adzakhala ndi choonetsa.

Ena amafunsa kuti, "Nanga mbiri ndingaipeze bwanji pamene aliyense akukana kundiyamba?" Yankho n'lakuti mbiri imayamba ndi zazing'ono. Tengani kangongole kochepa ku banki kapena ku bungwe lovomerezeka ndi boma, ka chinthu chimene mukadagula ndithu, monga makina osokera kapena fizi ya mwana, ndipo mukabweze mosaphonya tsiku. Mudzatayapo pang'ono pa chiwongoladzanja, koma mudzakhala mutagula dzina. Musatenge tingongole tambirimbiri nthawi imodzi poganiza kuti mbiri ikula msanga. Wokongoza akaona zotere amaganiza kuti munthuyu wapanikizika.

Chinthu china chimene chimaima m'malo mwa munthu ndi galimoto yomweyo. Pa ngongole ya mtundu umenewu banki siikupatsani ndalama m'manja. Imalipira wogulitsa, ndipo imasunga umwini wa galimotoyo kufikira mutamaliza. Inu mumayendetsa, koma simungaigulitse popanda chilolezo chawo, ndipo mukalephera kulipira adzailanda. Lamulo la Personal Property Security Act la 2013 lidakhazikitsa kaundula wolembamo katundu wonyamulika amene waikidwa chikole, kuti chinthu chimodzi chisakongoleredwe kuwiri. Kaundulayu ndi wothandizanso kwa inu amene mufuna kugula galimoto kwa munthu wamba: yambani mwafufuza ngati ilibe ngongole kwina, kuopa kudzalandidwa chinthu chimene mudalipira ndi thukuta lanu. Koma dziwani kuti banki siikonda galimoto yokalamba kwambiri, chifukwa ikailanda siidzapezapo kanthu, ndipo idzakukakamizani kuiikira inshuwalansi yokwanira zonse, imene mtengo wake umaposa kutali inshuwalansi wamba yoteteza anthu ena pa msewu imene lamulo limalamula aliyense.

Ndipo pali dipoziti, ndalama zimene mumayamba mwaperekako nokha. Galimoto imatsika mtengo ikamayenda, ndipo banki imaopa kuti tsiku loilanda idzapezeka yochepera ngongole yotsala. Mukapereka gawo lalikulu poyamba, mantha amenewa amachepa. Kuwonjezera apo, munthu amene wasunga ndalama zochuluka chotero waonetsa kale kuti amatha kudziletsa, ndipo sangathawe chinthu chimene waikamo zake. Kwa wopanda mbiri ndi wopanda womuimirira, palibe chimene chimafewetsa mtima wa wokongoza kuposa dipoziti yonenepa.

Tiwerengere pamodzi

Pano tipempha owerenga atenge pensulo, pakuti ambiri amagwa chifukwa chofunsa funso limodzi lokha, lakuti, "Pa mwezi ndizipereka zingati?" Tiyerekeze kuti munthu wakongola K10,000,000, pa chiwongoladzanja cha K30 pa K100 iliyonse pa chaka, kuti abweze m'zaka 3. Ngati chiwongoladzanjacho chiwerengedwa pa ngongole yotsala, monga achitira mabanki, adzapereka pafupifupi K424,500 mwezi uliwonse, ndipo pomaliza adzakhala atapereka pafupifupi K15,300,000. Pa mwezi woyamba, K250,000 mwa ndalama zimene wapereka ndi chiwongoladzanja chokhachokha. Zimene zachepetsa ngongole yeniyeni ndi K174,500 basi. N'chifukwa chake anthu amadandaula kuti alipira chaka chathunthu koma ngongole siikusuntha.

Tsono wokongoza wina angakuuzeni mawu omwewo, K30 pa K100, koma iye akuwerengera pa ndalama zonse zimene mudatenga poyamba, ngati kuti simukubwezako. Pamenepo chiwongoladzanja ndi K3,000,000 chaka chilichonse, K9,000,000 pa zaka zitatuzo, ndipo zonse pamodzi ndi K19,000,000. Mawu ndi amodzi, koma kusiyana kwake ndi K3,700,000. Funso lofunika kufunsa, musanagwire cholembera, ndi ili: "Kodi ndikadzamaliza ndidzakhala nditapereka zingati zonse pamodzi, kuphatikiza ndalama zolembetsera ndi za inshuwalansi?" Ndipo yankho lake alilembe pa pepala.

Palinso msampha wa kutalikitsa nthawi. Ngongole yomweyo ya K10,000,000 ku banki, mutaitambasula kufika zaka 5, pa mwezi mudzapereka pafupifupi K323,500, ndipo mtima udzati zapepuka. Koma zonse pamodzi zidzakwana K19,400,000, ndipo chaka chachisanu mudzakhala mukulipirabe galimoto imene yayamba kale kugona ku galaja. Onani tsono mphamvu ya dipoziti: munthu amene wasunga K4,000,000 nakongola K6,000,000 yokha pa zaka 3, adzapereka pafupifupi K254,700 pa mwezi, ndipo chiwongoladzanja chake chonse chidzakhala pafupifupi K3,200,000 m'malo mwa K5,300,000.

Tisaiwalenso kuti chiwongoladzanja cha ngongole zambiri za m'mabanki athu sichiima malo amodzi. Kuyambira mu 2019 mabanki amawerengera kuchokera pa mlingo umene amautcha reference rate, umene umalengezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo pamwamba pake banki iliyonse imaikapo gawo lake malinga ndi m'mene ikumuonera wokongolayo. Wosadziwika amaikiridwa gawo lokulirapo. Mlingowo umatsata kwambiri chiwongoladzanja cha Reserve Bank, chimene mu 2021 chidali 12 pa 100, koma pofika Febuluwale 2024 chidali chitakwera kufika 26. Amene adasaina ngongole zinthu zili bwino adangoona ndalama zodulidwa zikukwera, malipiro ali pomwepo. Ife tiyesa kuti ngongole ya galimoto isamadye koposa gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zimene munthu amapita nazo kunyumba, kuti patsale mpata wa zinthu zotere.

Makomo ena

Banki si khomo lokhalo. Kwa ambiri mwa owerenga athu, khomo loyenera kuyamba kugogoda ndi la SACCO, bungwe losunga ndi kukongozana ndalama limene eni ake ndi mamembala omwewo. Mabungwewa ali ndi likulu lawo, MUSCCO, limene lidakhazikitsidwa mu 1980, ndipo kuyambira pa lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011 amayang'aniridwa ndi Reserve Bank. Ku SACCO mbiri ya munthu ndi masheya ake: amasunga kwa miyezi ingapo, kenaka amaloledwa kukongola mowirikiza kawiri kapena katatu pa zimene wasunga, malinga ndi malamulo a bungwe lakelo. Masheyawo ndiwo chikole choyamba. Zoona, ma SACCO ena amafunabe mamembala anzanu kuti akuimirireni pa gawo loposa masheya anu, koma masheya akakula gawo lotere limachepa. Ndi njira yochedwa, koma yofanana ndi chikhalidwe chathu, ndipo phindu la chiwongoladzanja limabwerera kwa mamembala pakutha pa chaka.

Banki m'khonde yathandiza amayi ambiri, ndipo sitiinyoza. Koma magulu ambiri amaika K10 kapena K20 pa K100 pa mwezi, osati pa chaka, ndipo ngongole imafunika kubwezedwa m'miyezi yochepa ndalama zisanagawidwe. Zimenezi zimayenera geni ya mandasi imene ndalama yake imatembenuka sabata iliyonse. Galimoto ingaphwanye gulu lonse. Ntchito yabwino ya banki m'khonde pa nkhani ino ndi kusonkhanitsira dipoziti.

Za katapila sitichulutsa mawu. Wa katapila safunsa mbiri, safunsa womuimirira, ndipo ndalama amapereka tsiku lomwelo. Chikomekome cha mkuyu. Amatenga khadi lanu la ku banki pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi, kapena amakusainitsani kalata yonena kuti mwamgulitsa kale galimoto kapena nyumba, kuti tsiku limene mudzachedwe asavutike n'kupita kukhoti. Chimodzimodzi muchenjere ndi ogulitsa magalimoto ena a m'mbali mwa msewu amene amati tengani lero muzilipira pang'onopang'ono. Alipo oona mtima, koma pangano likhale lolembedwa, lonena poyera mtengo wonse, amene asunge mapepala a galimoto, ndi chimene chidzachitike ku ndalama zimene mwapereka kale mutaphonya mwezi umodzi. Wina wodziwa malamulo aliwerenge musanasaine. Safunsa adadya phula.

Walira mvula walira matope

Ngongole ndi gawo limodzi chabe la mtengo wa galimoto. Pali mafuta, amene mu Novembala 2023 petulo adafika K2,530 pa lita, ndipo adakweranso pambuyo pake. Pali masiku amene tidagona pa mizere ya mafuta kuyambira mu 2022, galimoto ili chiimire koma ngongole ikuyenda. Pali inshuwalansi chaka ndi chaka, chiphaso cha COF chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera pa msewu, matayala, oyilo, ndi makaniko. Zipangizo pafupifupi zonse zimachokera kunja, kotero kuti kwacha ikagwa, monga idagwera ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mtengo wake umalumpha nthawi yomweyo.

Amene amaitanitsa galimoto ku Japan, yodzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe, awerengere bwino msonkho wa MRA, umene umakula malinga ndi zaka za galimoto ndi kukula kwa injini yake, ndipo kawirikawiri umakhala gawo lalikulu la mtengo wonse. Si zachilendo kumva kuti munthu wakongola zogulira zokha, galimoto n'kukhala pa chipata miyezi, ikuwerengedwa ndalama zosungira tsiku ndi tsiku, mwini wake akuthamanga kufuna ngongole yachiwiri ya msonkho. Pamenepo ndi pamene a katapila amakolera anthu ozindikira.

Palinso mawu amene timawamva kawirikawiri, akuti galimoto idzadzibweza yokha. Munthu amagula Sienta, naipereka kwa mnyamata kuti azinyamula anthu, nayembekeza ndalama madzulo alionse. Zimatheka, koma wowerengera aike m'chiwerengero chake masiku amene galimoto idzakhala yowonongeka, masiku opanda mafuta, ndi zimene woyendetsayo adzabise. Adziwenso kuti galimoto yonyamula anthu olipira imafuna mapepala ake ndi inshuwalansi yake. Mukainyamulitsa anthu pa inshuwalansi ya galimoto ya pakhomo, tsiku la ngozi kampani ingathe kukana kulipira, ndipo mudzatsala ndi chiphakasa pamodzi ndi ngongole yonse. Nthawi zina njinga yamoto yogula ndi ndalama zanu imagwira ntchito imene mumafunira galimoto, kufikira dipoziti itakwana.

Ndipo popeza ino ndi nkhani ya banja, tinene kuti ngongole ya zaka zitatu siyenera kusainidwa mwamseri. Ndalama zodulidwa ku malipiro a bambo zimachoka pa ndiwo, pa fizi ndi pa sopo, ndipo amene amaona kuperewerako poyamba ndi mayi. Onse awiri aone chiwerengero chija asanavomere.

Ana athu a kunja

Mawu akuti mbiri ya ngongole amaluma kwambiri kwa abale athu amene adapita ku Britain, makamaka kuyambira mu 2022 pamene dzikolo lidatsekula khomo kwa osamala okalamba ndi odwala, khomo limene lidatsekedwanso mu 2025 kwa ofunsira ali kunja. Ambiri mwa iwo ntchito yawo ndi yoyendera odwala m'makomo, ndipo popanda galimoto siitheka. Koma mbiri ya ku Malawi siwoloka nyanja. Makampani atatu osunga mbiri kumeneko, Experian, Equifax ndi TransUnion, amamuona mlendo ngati wobadwa dzulo, ngakhale akhale wa zaka 45 amene adamanga nyumba ku Area 25. Ogulitsa magalimoto amadziwa zimenezi, ndipo alipo amene amadyera pa alendo powapatsa chiwongoladzanja chokwera kwambiri. Kufikira mu Januwale 2021, pamene bungwe la Financial Conduct Authority lidaletsa mchitidwewo, wogulitsa ankatha kulandira mphotho yokulirapo akamkweza wogula chiwongoladzanja.

Pali zinthu zingapo zimene makolo angakumbutse ana awo polankhula nawo pa foni. Popeza Malawi ali m'bungwe la Commonwealth, Mmalawi wokhala ku Britain ndi chilolezo angathe kulembetsa m'kaundula wa ovota, ndipo okongoza amagwiritsa ntchito kaundula ameneyu potsimikiza dzina ndi malo okhala. Buku la ku banki lolandirirapo malipiro, foni yolipira pa mwezi, ndi khadi la ngongole yaing'ono lobwezedwa lonse mwezi uliwonse, zimamanga mbiri m'miyezi yosachuluka. Layisensi ya ku Malawi imaloledwa kwa miyezi 12 yokha, ndipo siisinthidwa monga zichitira za ku South Africa ndi Zimbabwe. Munthu ayenera kulemba mayeso a kumeneko. Tsono chaka choyamba n'kwanzeru kugula kagalimoto kakale ndi ndalama za m'manja. Amene watenga kale galimoto yolipira pang'onopang'ono adziwe kuti lamulo la Consumer Credit Act la 1974 limamteteza: akalipira gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wonse, kampani siingailande popanda chilolezo cha khoti, ndipo akafika pa theka angathe kuibweza, pangano n'kuthera pomwepo, malinga galimotoyo ikhale yosamalika.

Zikavuta, ndiponso zikatha

Tibwerere kwathu. Ngakhale wowerengera bwino angagwe m'mavuto: ntchito imatha, matenda amabwera. Cholakwa chachikulu pa nthawi yotere ndi kuzima foni ndi kubisala. Pitani ku banki mwezi woyamba womwewo, musanaphonye, mukafotokoze. Kawirikawiri amalola kukonzanso kabwezedwe, chifukwa nawonso kulanda galimoto kumawadyera ndalama. Ngati mwaona kuti simudzathanso, pemphani chilolezo choti mupeze nokha wogula. Galimoto yolandidwa imagulitsidwa pa okushoni, pa mtengo wotsika, ndipo ambiri sadziwa kuti ngati ndalama za pa okushoni zaperewera pa ngongole, zotsalazo zimakhalabe pa mutu panu, ndipo masherifu angathe kufika pakhomo. Ngati mukuona kuti wokongoza wovomerezeka wakuchitirani zosayenera, ndipo dandaulo lanu kwa iye silidamveke, nkhani ingathe kupita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank.

Amene wafika pa mwezi womaliza asangoti zatha n'kukhala pansi. Apemphe kalata yosainidwa yonena kuti ngongole yonse yabwezedwa, atenge mapepala a galimoto amene banki idasunga, apite nawo ku ofesi ya Road Traffic kuti dzina la banki lichotsedwe, ndipo aonetsetse kuti chikole chafafanizidwa m'kaundula uja wa katundu. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu aitanitsenso kalata ya mbiri yake, aone ngati mwalembedwa kuti adamaliza. Kalata ya banki ija aisunge pamodzi ndi ziphaso za sukulu ndi mapepala a malo, pakuti adzaifuna tsiku limene adzapite kukapempha ngongole ya nyumba.